Kodi Phiri Limakhala ndi Mwiniwake?

Ndani anadula nsonga ya phiri la Mount Conner? Funsoli ndi lachibwana, koma munthu ukaima m'mbali mwa msewu wa Lasseter Highway, pakatikati pa dziko la Australia, limangobwera lokha pakamwa. Chipululu chimapita mpaka kumene maso alekezera, mchenga uli psuu, udzu wobaya wa spinifex uli apa ndi apo. Chapatali phiri lili njo, lokhalokha, pamwamba pake pali see ngati lichero lovundikira. Kuchokera m'tsinde kukafika pamwamba ndi mamita pafupifupi 300.

Odziwa za miyala amati palibe analidula. Akuti pamwambapo pali thanthwe lolimba kwambiri, pamene miyala ya pansi pake ndi yofewerapo. Kwa zaka mamiliyoni ambiri, mvula ndi mphepo zakhala zikukokolola dera lonselo, n'kusiya pokhapo pamene thanthwe linatchinga. Ndiye kuti phirili silinamere ayi, koma dziko lolizungulira ndilo linatsika? Nanga dothi lonselo linapita kuti?

Chachiwiri chimene chimandizunguza mutu ndi khalidwe la alendo. Ambiri amene akupita ku thanthwe lotchuka la Uluru akangoliona phiri la Mount Conner amaimitsa galimoto, n'kuyamba kujambula mokondwa, poganiza kuti afika. Akauzidwa kuti Uluru akadali patsogolo, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, chimwemwe chija chimazilala, ulendo n'kupitirira. Chasintha n'chiyani? Phiri ndi lomwe lija, dzuwa likuliwalira monga muja. Poyeza kuchokera pa nyanja yamchere, Uluru ndi wotalika mamita 863, Mount Conner mamita 859. Kodi maso athu amaona phiri, kapena amaona dzina limene anatiuza?

Amene safulumira amawoloka msewu n'kukwera kamtunda ka mchenga kali tsidya lake. Mchenga umalowa m'nsapato, ntchentche zimakakamira m'maso ndi m'milomo, ndipo pansi pamaoneka timizere ta mapazi a abuluzi amene anadutsa m'mawa. Ukafika pamwamba umaona nyanja ili mbuu, koma yopanda madzi: ndi mchere wokhawokha wouma. Ng'ombe zimamwa chiyani kuno? Akuti madzi a m'mijigo.

Inde, ng'ombe. Phirili lili m'kati mwa famu ya ng'ombe yotchedwa Curtin Springs, ya mahekitala oposa 400,000, imene banja limodzi lakhala likuyendetsa kuyambira mu 1956. Sungangopatuka pamsewu n'kulunjika kuphiri. Ukafuna kulifika pafupi, umalipira n'kupita ndi wokutsogolera. Ubwino wake ndikuuona: matayala agalimoto sapondaponda tchire, mabotolo satayidwa paliponse, ndipo mlendo sasochera m'dziko loti ludzu limapha. Koma mtima wanga sukhazikika. Kodi phiri limalowa bwanji m'chikalata cha malo? Amene anajambula malire a famuyo, anaganiza kuti akupereka msipu wokha, kapena ndi phiri lomwe?

Pajatu anthu analipo kale. Eni nthaka, amene makolo awo akhala m'chipululumu kwa zaka masauzande ambirimbiri, amalitcha Artilla, ndipo m'nthano zawo ndi kwawo kwa mizimu yobweretsa chisanu. Mu 1873 mzungu wina wofufuza malo, William Gosse, anadutsako n'kulipatsa dzina la wandale wa ku South Australia. Chaka chomwecho anatcha Uluru kuti Ayers Rock. Koma Uluru anabwezedwa kwa anthu a mtundu wa Anangu mu 1985, ndipo pa 26 Okutobala 2019 kukwera thanthwelo kunaletsedwa polemekeza mwambo wawo. Nanga n'chifukwa chiyani mapiri awiri oyandikana, onse okhala ndi nthano zake, anayenda njira zosiyana chonchi? Kodi lotchuka ndilo limamvedwa msanga?

Lamulo la ku Northern Territory, chigawo chimene muli phirili, limalola eni nthaka kulowa m'mafamu otere kukasaka ndi kukachita miyambo yawo. Zimenezo n'zabwino ndithu. Komabe ndikufuna wina andifotokozere bwinobwino. Gogo wodziwa nyimbo za phirili akafika patsinde pake, mlimi amene wakalambira pomwepo akuweta ng'ombe n'kubwera kudzamupatsa moni, ndani mwa awiriwa amene amati "takulandirani"?