Ku Chembe nkhwazi nayo ili pa ganyu

Ku Chembe, mudzi umene alendo amaudziwa kuti Cape Maclear, nkhwazi nayo inalowa ntchito. Wabwato akafika ndi alendo pachilumba cha Thumbi amaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi. Mbalameyo imatsika mumtengo osachedwa, n'kukakwatula, alendo kukamwa kuli yasa. Ndalama amalandira ndi wabwato. Nkhwazi sinakadandaulepo kwa a leba.

Munthu amauluka kuchokera ku Ulaya kudzaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene malamulo a paki amatiteteza. Msodzi wa pano mtima wake uli pa usipa, umene wayanikidwa pathandala apo, fungo lake likulowa m'zipinda za pa loji osalipira kalikonse. M'mawa mayi akukwecha mapoto m'mphepete mwa nyanja, pambali pake mzungu wagona pamchenga, kudziwamba dala padzuwa. Aliyense akumvera chisoni mnzake.

Amishoni a Livingstonia anafika pano mu 1875, malungo n'kuwathamangitsira ku Bandawe mu 1881. Manda a anzawo amene anatsala, lero ndi malo okaona alendo. Udzudzu, mwini nkhani, palibe anauikira chikwangwani.