Ulemu Upite kwa Mutu Waching'alang'ala

Matenda ambiri alibe mwambo. Malungo amalowa usiku osagogoda, kutsegula m'mimba kumakupeza uli pampando wakumbuyo mu minibasi. Koma ilipo nthenda imodzi imene inaleredwa bwino, ndipo lero tiiombere m'manja. Ndikunena a Ching'alang'ala, makamaka aja odzera m'maso. Iwowa salowa m'mutu mwa munthu asananene odi.

Odi wawoyo ndi waluso. Umakhala ukuwerenga uthenga pafoni, n'kungoona kuti chilembo chimodzi chasowa. Ukadzutsa mutu, mnzako amene ukucheza naye watsala ndi diso limodzi ndi theka la pakamwa. Pamene pasowa zinthupo pamabadwa kadontho kothwanima. Kamakula, n'kusanduka mzere wokhotakhota ngati mano a sowo, wong'anima, wonjenjemera, ndipo umasendera cha kumbali pang'onopang'ono mpaka kutuluka. Ukatsinzina, ulipobe. Ukaphimba diso lamanzere, ulipo, lamanja chimodzimodzi. Chionetserochi chimatenga mphindi 20 kapena 30, ndipo kawirikawiri sichipyola ola. Salipiritsa pakhomo, safuna mayunitsi, magetsi akathima iwo amawalabe. Ndani wina amene amachitira anthu zotere masiku ano?

Akatha kusangalatsa maso m'pamene amakhala pansi. Amasankha mbali imodzi ya mutu n'kuyamba kugunda, nseru ili pambuyo pawo. Kuwala kwa pawindo kumasanduka mdani, wailesi ya aneba imamveka ngati ili m'khutu. Amatha kukhala maola anayi, amathanso kugonera mpaka masiku atatu. Si onse amene amalandira ulemu wa odi uja. Mwa anthu odwala ching'alang'ala, ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu. Ena amwayi amaonera kanemayo basi, mutu osawawa n'komwe.

Chimene ndimawatamandira kwambiri ndi kudzichepetsa. Ntchito yonse amagwira okha, koma mbiri amaisiyira diso. Wodwala amatikita zikope, amapukuta magalasi, ena amakagula mankhwala odontheza m'maso, chikhalirecho diso lilibe mlandu. Bwanawa amakhala kunkhongo, m'chigawo cha ubongo chimene chimamasulira zimene maso aona. Kumeneko kumadutsa funde limene limadzidzimutsa maselo a ubongo kenako n'kuwatontholetsa. Kudzidzimukako ndiye kung'anima kuja, kutontholako ndiye mdima umene umatsalira m'mbuyo mwake.

Ndipo sathamanga, poti ndi akuluakulu. Mu 1941 katswiri wa ku America, Karl Lashley, amene ankachezeredwa ndi alendo omwewa, anajambula zimene ankaona mphindi ndi mphindi n'kuwerengera kuti fundelo limayenda pafupifupi mamilimita atatu pa mphindi. Mu 1944 Aristides Leão wa ku Brazil anaona funde la mtundu umenewu mu ubongo wa akalulu ku Harvard. Kale mu 1870 dokotala wa ku England, Hubert Airy, anali atajambula kale mizere yake yokhotakhota, naiyerekeza ndi malinga a mzinda wotchingidwa. Tandiuzani, chimfine chinajambulitsapo munthu chithunzi?

Pa nkhani ya chilango, palibe mphunzitsi wowaposa. Dumphani nkhomaliro, abwera. Chezerani usiku wonse, yendani padzuwa la Okutobala osamwa madzi, abwera. Amadziwanso kudikira. Sabata yonse ya mavuto a kuntchito amangokuyang'anani, n'kudzafika Loweruka m'mawa mutati mupumeko. Amakonda amayi kuposa abambo pafupifupi katatu, ndipo ena amawayendera mwezi ndi mwezi pa nthawi ya kumwezi, osaphonya. Amathandizanso kudziwa abale enieni. Wina adzati, "Mutu basi? Imwani panado mudzuke." Wina adzatsitsa mawu n'kufunsa ngati simunayambane ndi munthu kumudzi. Wokukondani adzangotseka makatani n'kuthamangitsa ana pakhonde.

Komabe munthu wotchuka salephera kukhala ndi omunamizira. Ngati mdimawo wagwira diso limodzi lokha, moti mukaliphimba zonse zili bwino, musaombe m'manja. Ngati mukuona ngati nsalu ikutsika m'diso, ngati zapyola ola, ngati dzanja lafooka, pakamwa papindika kapena lilime lalemera, kapena ngati zakuchitikirani koyamba muli wamkulu kale, amenewo mwina si a Ching'alang'ala. Kungakhale sitiroko kapena vuto la mkati mwa diso, ndipo n'zofunika chipatala tsiku lomwelo. Ndipo inu amayi amene mumaona kung'animaku, mukapita kolera mukanene. Mapiritsi olera okhala ndi estrogen sagwirizana ndi mlendoyu, amawonjezera ngozi ya sitiroko, makamaka kwa osuta fodya. Njira zina zolerera zilipo, kafunseni anamwino.