Malangizo kwa ofuna kulakwitsa muyeso wa waya wa khola

Kugula waya wosakwanira khola lozungulira kumafuna luso, musangodalira mwayi.

Mwakhoma chikhomo pakati, mwamangirira chingwe cha mamita 7, mwalemba mzere wozungulira pansi. Chingwecho ndicho aphunzitsi a masamu amati radius. Iwo amati muchulukitse ndi 2, kenako ndi pi, amene ali pafupifupi 22/7, mupeze mamita 44. Inu 2 ameneyo mutayeni, ndi kanambala kosayenera kuvutitsa munthu wamkulu. Kaguleni mamita 22. Theka la khola lidzatchingika bwino zedi, theka linalo lizilowetsa kamphepo kayaziyazi pamodzi ndi afisi.

Ngati mtima ukukana kutaya 2, limbanani ndi pi. Muzingoti ndi 3, za 3.14 n'za ana a sukulu. Mupeza mamita 42, ndipo mpata wa mamita 2 wotsalawo muziuza alendo kuti ndi khomo limene munaliganizira kalekale. Archimedes wa ku Syracuse anatuluka thukuta ndi zojambula za mbali 96 kuti aonetse kuti pi ali pakati pa 3 10/71 ndi 3 1/7, koma mkuluyo sankadziwa mtengo wa waya masiku ano. Ndiponso simuli nokha. Mu 1897 aphungu a nyumba imodzi ya malamulo ku Indiana, m'dziko la America, anavomereza bilu ya Edward Goodwin imene ikanasandutsa pi kukhala 3.2. Anzawo a nyumba inayo anaikankhira pambali, mwina chifukwa cha nsanje.

Amene m'thumba muli bwino ali ndi njira yawoyawo. Chulukitsani 7 ndi 7, kenako ndi 22/7. Yankho ndi 154. Kumeneko n'kukula kwa malo a m'kati mwa khola, koma wogulitsa waya sadzakufunsani zimenezo. Wayayo adzazungulira khola katatu ndi theka. Mlamu wanu akayamba makani, muwerengereni khola la radius ya mamita 2: njira yanu ndi ya aphunzitsi zonse zipereka pafupifupi 12.57. Mukatero sinthani nkhani msangamsanga asanatchule nambala ina.

Chimodzi chokha chingakuwonongereni ntchito yonseyi. Musayerekeze kuyala chingwe motsatira mzere uja n'kuchiyeza musanapite kusitolo, ndipo mwana wa Fomu 1 akabwera ndi kope lake, mutumeni kukatunga madzi.