Ukakwera pamsana pa njovu

Makolo athu, amene sanaone kompyuta ndi maso awo kapena kuilota kutulo, anatisiyira mawu akuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ndipo ngakhale njovu za m'nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima sizinatchukepo ndi ulemu wobereka anthu, popeza ntchito imene zimaidziwa bwino ndi yokolola chimanga cha eni ake usiku, mwambiwu sunafe ayi, koma unakhala chete kulindira mbadwo umene udzaukwaniritse. Mbadwo umenewo wafika. Ndiwo anyamata ndi asungwana athu olemba mapulogalamu a pakompyuta, amene munthu akawadandaulira kuti chinthu chimene anamtumizira chakana kuyenda, amayamba ayang'ana pa laputopu yawo, nadina apa ndi apo, kenaka nayankha ndi mtima woyera wopanda chinyengo, kuti: "Koma kwanga ikuyenda bwinobwino."

Mawu amenewa si bodza, ndipo m'menemo ndimo muli kuwawa kwake, pakuti wabodza umatha kupita naye kubwalo, koma munthu wonena zoona zopanda thandizo palibe nyakwawa imene ingamuzenge mlandu. Mapazi ake ngouma ndithu. Chimene iye saona ndi chilombo chimene wakhalapo. Chifukwa pulogalamu, makamaka yosunga maina, ziwerengero ndi ndalama m'nkhokwe ija eni ntchitoyi amaitcha database, siima payokha, koma imatsamira pa chiyankhulo chimene inalembedwera, chiyankhulocho n'kutsamira pa timapulogalamu tambirimbiri totchedwa malaibulale timene tinalembedwa ndi alendo a kutsidya kwa nyanja, timeneto n'kutsamira pa tinzake, tinzaketo pa makonzedwe obisika m'mafayilo amene mwini wake anawakhudza kamodzi kokha, tsiku lina masana zaka zapitazo, nawaiwala kotheratu. Zonsezi pamodzi ndiyo njovu. Wolemba pulogalamu akamatumiza ntchito yake kwa mnzake amatumiza kampando kokha kamene anakhalira, njovu n'kutsala kwake.

Luso lolemba mapulogalamu kuno kwathu silinabwere dzulo. M'chaka cha 2001 Gerry Douglas ndi anzake anayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero tikuchitcha Kamuzu Central, ndipo ntchito imeneyo inali ya bungwe la Baobab Health, limene pambuyo pake linalemba mapulogalamu osunga kaundula wa anthu olandira ma ARV m'zipatala zambiri za dziko lino, nawamanga ndi Ruby on Rails pamwamba pa MySQL. Anthu amenewo ndimawavulira chipewa, chifukwa anayamba aponda udzu asanalankhule: anadziwa kuti magetsi amathima, nasankha makina osadya mphamvu yambiri, nawaikira mabatire. Unduna wa Zaumoyo nawonso umasonkhanitsa ziwerengero za zipatala ndi DHIS2, yochokera ku yunivesite ya Oslo, imene nkhokwe yake ndi PostgreSQL. Ndipo owerenga asandiyese wopeka nkhani ndikanena kuti chizindikiro cha PostgreSQL ndi mutu wa njovu.

Tsono mwana wa mlongo wanga, amene anatsiriza maphunziro a kompyuta pa koleji ina ya mumzinda nabwerera kumudzi kudzadikira ntchito, anapemphedwa ndi kagulu kena ka alimi a mpunga a kuno kuchigwa, kumene madzi a Namikokwe amathirira mahekitala 800 a sikimu ya Bwanje, kuti awakonzere kaundula wa mamembala, matumba a Kilombero, ngongole za feteleza ndi ziweto zolimira. Mnzake wina wa ku Lilongwe, amene anali atalembapo chinthu chotere, anamtumizira ntchito yake yonse, yomangidwanso ndi Ruby on Rails pamwamba pa MySQL, mwaulere, pamodzi ndi dalitso lakuti: "Ungoika, aise, siivuta."

Anaika. Ndipo kompyuta inalavula mizere yofiira yodzaza galasi lonse, pakati pake pali mawu akuti Failed to build gem native extension, amene mnyamatayo anandimasulira kuti laibulale yotchedwa mysql2, imene ili mkhalapakati wa Ruby ndi MySQL, siibwera yopsa kale, koma mbali yake ina, yolembedwa m'chiyankhulo cha C, iyenera kumangidwira pa makina omwewo, ndipo siingamangike popanda phukusi lina la dzina lothyola lilime, libmysqlclient-dev. Mnzake uja ataimbiridwa lamya anadabwa kwambiri, nalumbira kuti iye phukusi lotero sanaliikepo chibadwire. Koma atafufuza anapeza lina longa lomwelo lili phee m'makina ake, kumene linagona kuyambira chaka chake choyamba cha ku koleji.

Kupeza phukusilo kunafuna intaneti, intaneti inafuna bandulo, ndipo bandulo inafuna amalume. Pano ndipatuke pang'ono. Pa Golomoti, kufupi ndi kwathu kuno, pali munda wa magalasi okolola dzuwa wa mamegawati 20, umene unayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022 pamodzi ndi mabatire ake akuluakulu, ndipo mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse, monga kuyenera. Koma nyumba ya mlongo wanga waya sunaifike, kotero kuti laputopu imene inali kukonzedwa kuti isunge chuma cha alimi inali kukadya kwa wometa tsitsi pamsika, pa mtengo wofanana ndi wa mafoni atatu, chifukwa wometayo anaiyang'ana kukula kwake naweruza motero.

Netiweki itapezeka, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola, makina anakananso, nati zikalata zotsimikizira malo otsitsako mapulogalamu nthawi yake siinakwane. Apa mnyamata anataya tsiku lathunthu akukayikira aliyense, kuyambira eni intaneti kufikira mfiti za m'mudzi, osadziwa kuti mdani ali m'nyumba momwemo: laputopuyo inali yakaunjika, kabatire kake kakang'ono kosunga nthawi kanafa kalekale, ndipo pakuyatsidwa paliponse inali kudzuka m'chaka chakale, zikalata zija zisanalembedwe n'komwe. Anakonza tsiku, ndipo zipata zinatseguka. Wa ku Lilongwe, amene makina ake amafunsa nthawi pa intaneti usana ndi usiku iye osadziwa, anati chinthu chotere sanachimvepo.

Pamenepo ndinayesa kuti tafika ku Kanani, koma tinali tisanawoloke ngakhale Nyanja Yofiira. Pulogalamu inadzuka, inafunafuna nkhokwe yake, niilephera kuipeza, ngakhale nkhokweyo inali m'makina omwewo, yamoyo ndi yathanzi. Chifukwa chake chinali m'kafayilo kotchedwa database.yml, mmene mnzake uja analemba kuti khomo la MySQL lili pa /tmp/mysql.sock, pakuti pa Mac yake lili pomwepodi. Koma pa Ubuntu, imene mwana wa mlongo wanga amagwiritsa ntchito, khomolo lili pa /var/run/mysqld/mysqld.sock. Ndipo pali chinsinsi china chimene ndinachimva ndili kukamwa yasa, chakuti kwa MySQL mawu akuti localhost ndi nambala yakuti 127.0.0.1, ngakhale zonse ziwiri zitanthauza makina omwe uli nawo pamiyendo, si njira imodzi: loyambalo limalowera pa khomo lija, pamene nambalayo imazungulira kukalowera pa chipata cha 3306. Malangizo amene mnyamatayo anawapeza pa intaneti ambiri anali a nthawi ya MySQL yakale, chaka cha 2018 chisanafike, pamene MySQL 8.0 inasintha kafunsidwe kake ka pasiwedi kotero kuti malaibulale okalamba analeka kumvana nayo. Tsobola wakale sawawa, ndipo ena mwa malangizowo, m'malo mochiritsa, anaonjeza nthenda.

Koma mame enieni, ozizira kufikira m'mafupa, anatidikira pa tsiku limene zonse zinaoneka ngati zatheka, pamene akomiti anaitanidwa, wapampando atavala jekete ngakhale kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumene anthu a kumtunda kwa Dedza amakumva m'nthano zokha. Mnyamata analemba mbuzi pa malo ofufuzira, ndipo mbuzi zinatuluka. Analemba nkhumba, nkhumba zinatuluka. Wapampando, amene ali ndi ng'ombe zinayi ndipo safuna kuti dziko liiwale, anati afufuze ng'ombe. Ndipo pulogalamu yonse inagwa chagada.

Taonani chimene chinachitika. M'chiyankhulo cha SQL, chimene pulogalamu imalankhulira ndi nkhokwe yake, kachizindikiro kaja timaika pakati pa ng ndi ombe ndiko kamene kamatsegula ndi kutseka mawu; chotero nkhokwe itawerenga ng, nikumana ndi kachizindikiroko, inayesa kuti mawu athera pomwepo, ndipo ombe wotsalayo inamtenga ngati lamulo lachilendo limene silinalembedwe m'buku lililonse. Rails ili nayo njira yake yabwino yoperekera mawu ku nkhokwe mosawasakaniza ndi malamulo, koma mnzathu wa ku Lilongwe, pofulumira, analumikiza funsolo ndi manja, naliyesa ndi maina onga John ndi Mary, amene alibe minga. M'dziko la ng'ombe, ng'oma, ng'ona ndi Amang'anja, munthu analemba kaundula amene sanayesedwepo ndi ng' ngakhale mmodzi! Ndipo akatswiri amati khomo lomwelo limene ng'ombe inagwetsera pulogalamu ndilo limene mbala zimalowera kukaba kapena kufafaniza za m'nkhokwe, kotero kuti ng'ombe za wapampando zinatichitira chifundo potichenjeza. Pokonza zimenezi anapezanso kuti matebulo a nkhokweyo anamangidwa ndi zilembo za latin1, zimene MySQL inkayambira nazo kale isanasamukire ku utf8mb4, ndipo mwa zilembo zimenezo mulibe ŵ wa kadenga. Mlembi wa gulu, mphunzitsi wopuma amene kadengako sakasiya ngakhale polemba pa thumba la mpunga, atalemba Malaŵi, makina anaika chizindikiro cha funso pakati pa dzina la dziko lathu, ngati kuti akukayika ngati lilipodi.

Anzeru a kunja anauona mlandu umenewu kalekale, ndipo chiweruzo chawo, chimene chinatuluka m'chaka cha 2013 ndi dzina lakuti Docker, n'chakuti popeza wokwera njovu sangaphunzitsidwe kuona mame, ndi bwino kumanga njovu yonseyo m'bokosi ndi kuitumiza kwa aliyense wofuna pulogalamuyo, kuti onse akwere. Nzeru imeneyi ndi yaikulu, ndipo m'maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre yapulumutsa maubwenzi ambiri. Koma bokosi lotero limalemera mamegabaiti mazanamazana, ndipo amene analiganiza sanaimepo pa chulu cha kwathu ku Mtakataka, dzanja lina litanyamula foni kumwamba, linalo likuingitsa mbuzi, bandulo ikusungunuka. Ndiye kuti nawonso pokonza mankhwala a mwambiwu anali atakhala pamsana pa njovu ina yokulirapo.

Ine, amene sindidziwa kulemba ngakhale mzere umodzi wa Ruby, ndinaona kuti chimene chinathandiza koposa chinali kope la masamba 40 la ana a sukulu, mmene mnyamatayo analembamo chopunthwitsa chilichonse ndi mankhwala ake, motsatana monga anakumana nazo: mtundu wa Ruby ndi nambala yake, mtundu wa MySQL ndi nambala yake, maphukusi oyenera kuikidwa poyamba, malo a khomo lija, ndi chenjezo lakuti uyambe wayang'ana tsiku. Pambuyo pake anazisamutsira m'fayilo ya malangizo yotchedwa README, naikapo ndi Gemfile.lock, imene imasunga nambala yeniyeni ya laibulale iliyonse ndipo mnzake uja anali ataisiya dala poyesa kuti ndi zinyalala. Kenaka anabwereka laputopu ya mphunzitsi wina, yosadziwa kanthu za Ruby, natsata malangizo ake omwe mzere ndi mzere ngati mlendo, kufikira pulogalamu inayenda. Atatumiza zonsezi ku Lilongwe, yankho linabwera lakuti: "Koma zimenezi n'zodziwikiratu, aise." Mnyamatayo analeredwa bwino, ndipo chimene ananena atawerenga uthengawo anachinenera kuseri kwa khola.

Kaundula akuyenda tsopano, ndipo ng'ombe za wapampando zimatuluka zonse zinayi nthawi iliyonse imene iye afuna kuziona, ndiko kunena pa msonkhano uliwonse. Koma Loweruka lapitali, tikumwa thobwa pakhonde, tinaona amayi asungichuma a gulu akutsika panjinga ya kabaza, atafukata chinthu chachikulu chokulunga m'chitenje, chimene atachitula pamphasa ndi kuchivundukula chinapezeka kuti ndi printa yakalekale, mphatso ya mpongozi wawo wa ku Joni, yopanda chingwe, yopanda inki, dzina lake lomwe litafufutika.

"Mwana wanga," anatero mayiwo atatha kupereka moni, "alimi akuti malisiti a pagalasi sangapite nawo kunyumba. Apongozi anga akuti kwawoko imagwira bwinobwino, ungolumikiza."

Mnyamata anaiyang'ana printayo nthawi yaitali, natembenukira kwa ine.

"Amalume, kodi muli ndi ya bandulo?"