Kakonzetsedwe ka Galimoto Kumudzi: Malangizo kwa Osapupuluma

Galimoto ikayamba kulira gwedegwede kunsiku, kwezani wailesi. Kanyali kofiira kakayaka kutsogolo, matanipo kapepala ka vesi. Injini imene inaoloka nyanja kuchokera ku Japan, n'kutsikira ku Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, singafe ndi kaphokoso. Dikirani tsiku loti mwakweza matumba a mtedza, apongozi akhala kutsogolo, mvula yachita mdima. Ndilo tsiku labwino lokumbukira kuti oilo munasintha komaliza mu 2023, namondwe Freddy asanafike.

Ikazima, musavutike kufuna anthu. Abwera okha. Wina ati ndi batire, wina ati ndi mapulagi, agogo ena amene sanagwirepo chiwongolero ati munakana kunyamula munthu panjira ndiye wakutembererani. Onse amvereni, chifukwa ndi omwewo akankhe.

Tsono makaniko. Galaja yeniyeni ndi mtengo wa mango pa tiredingi senta, pansi pake dothi lakuda bii ndi oilo wa zaka zambiri. Makaniko wodalirika amakhala ndi sipanala imodzi ya 13 ndi hamala yolankhulira ndi mabawuti amakani. Atenga sikuludiraiva, nsonga agunditsa pa injini, chogwirira aika kukhutu, maso atseka ngati sing'anga akuombeza. Akatero anena kuti, "Bwana, iyi ndi yaing'ono." Dziwani kuti "yaing'ono" ndi masabata 3. Akati "mubwere mawa", musafunse kuti mawa lake liti, n'kupanda ulemu.

Sipeya sipezeka pafupi, ili ku Ndirande kapena ku Lilongwe. Mupereke ndalama yake, ya thiransipoti ya mnyamata wokagula, ndi ya chipisi. Mnyamatayo abwera patatha masiku 4 ndi sipeya yakumanzere pamene yofunika ndi yakumanja. Musakwiye. Apa mpamene luso limaonekera, ndipo mawu ake ndi akuti "tingoikapo kaye". Thanki ya petulo ikudontha? Sopo wamtanda. Radiyeta yabooka? Aswera dzira m'madzi otentha kuti likapsa litseke kabowoko. Ena amathira ufa, moti galimoto imayenda ili ndi phala m'mimba. Ekizozi amanga ndi waya, bampala ndi malegeni. Pampu ya mafuta ikafa, chigubu chikhale pamiyendo ya wokwera kutsogolo, paipi kulunjika ku injini. Ngati ndi apongozi aja, apempheni mwaulemu kuti fodya akasutire kunyumba.

"Kaye" ameneyu amatha zaka 5.

Galimoto ikagonera pansi pa mango paja, imasanduka ya tonse. Batire lanu likaliza zimbale paukwati. Tayala lanu mudzaliona likudutsa pa matola yopita kumsika. Lipatseni moni, ndi lanu ndithu. Nkhuku ya mayi wogulitsa mandasi idzaikira mazira pampando wa dalaivala, ndipo makaniko adzakuuzani mosaseka kuti kuyesa injini kudikire kaye kuti iswe. Wowotcherera naye ali pomwepo, wokonzeka, magalasi akuda ali pamphumi. Magetsi okha ndiwo kulibe.

Za sitata musataye ndalama. Mulungu anatipatsa mitsetse. Muziimika galimoto pamalo otsika, mphuno kuloza kumunsi, giya 2, anyamata atatu kumbuyo. Handibuleki ndi mwala. Muziyenda nawo wanu, wosankha bwino, chifukwa si paliponse pali miyala. Nthawi yokayezetsa galimoto ya COF ikakwana, bwerekani matayala kwa aphunzitsi aakulu ndi galasi lakumbali kwa abusa, madzulo n'kubweza. Iwonso tsiku lawo likubwera.

Polipira, ndalama ikaperewera onjezerani tambala kapena ndowa ya chimanga, yotsalayo munene kuti mukagulitsa fodya. Makaniko adzavomera mosangalala, chifukwa akudziwa kuti mubweranso Lachinayi. Adzakupatsiraninso kapepala ka shuga kodzaza mabawuti otsala. Mukadabwa, adzati, "Awa a ku Japan anangoonjezera, bwana."

Ikalira, musaizimitse, ndipo pitani kunyumba modutsa kuseri. Mukadzera pamsewu waukulu, nthumwi ya amfumu ikuonani, ndipo musanavule nsapato idzakhala itagwada pakhomo: kutsidya kwa dambo kwagwa zovuta, bokosi lili kwa kalipentala, ndipo galimoto yoyenda m'mudzi muno ndi yanu yokha.