A ku Kawaza atapita kukaona Lusaka

Ku Kawaza, m'dera la Mfumu Nsefu kuno ku Malambo, tinazolowera kuonedwa. Azungu odzaona nyama ku South Luangwa amapatukira kwathu, amagona m'nyumba zaudzu, amajambula amayi akusinja, kenako amalipira. Ndiye gulu lina la m'mudzi linasonkha ndalama kuti nalonso likaoneko za eni ake ku likulu. Nazi zimene zikukambidwabe pabwalo.

Mphepo

Ananyamuka mu Julayi. Amalume ena anakaniratu kutenga juzi. Munthu amene amapirira dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa, pamene kutentha kumapyola madigiri 40, angaope chiyani? Anaiwala kuti basi ikawoloka mlatho wa Luangwa imangokwera mapiri, chifukwa Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200. Atatsika pa siteshoni ya basi ya Intercity usiku, mano anayamba kugundana.

"Mphwanga, chitseko cha firiji imeneyi chili kuti, tituluke?"

Mphwawo, amene amakhala ku Chawama mumzindamo, anafotokoza kuti atsamunda anasamutsira likulu ku Lusaka mu 1935 kuchoka ku Livingstone, poona kuti malowa ali pakati pa dziko ndiponso ndi ozizira bwino.

"Chabwino," anatero amalumewo. "Nanga pochoka mu 1964, mphepo yawoyi anaisiyira yani?"

M'mawa mwake anali oyamba kufika pa mulu wa salaula ku msika wa Soweto.

Zakale

Pa Independence Avenue pali Lusaka National Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1996. M'chipinda cham'mwamba mnyamata woonetsa alendo analoza mtondo, munsi ndi miphika yadothi.

"Izi ndi zimene makolo athu ankagwiritsa ntchito kalekale."

Agogo ena aakazi anasendera pafupi, nasuzumira mumtondomo.

"Kale liti, mwanangu? Ine ndasinjira dzana."

Mnyamatayo anasowa chonena. Agogo anakonza chitenje chawo, nayang'ana uku ndi uku.

"Ngati zili choncho, ineyo ndikhale pakona iti? Koma tigwirizane kaye mtengo. Kwathu wondijambula amalipira."

Mwini katundu

M'nyumba yomweyo muli mbali ya zaufiti: nyanga, zithumwa, tizigoba tovekedwa mikanda. Apa aliyense ankayenda manja ali kumbuyo. Koma mkulu wina, amene analongolola njira yonse kuyambira ku Mfuwe, anangoti zii, maso ali pa nyanga imodzi. Anzake atapitirira, iye anakodola woonetsa alendo uja n'kumunong'oneza, kunong'ona kwake komveka chipinda chonse:

"Kodi mwiniwake akabwera ndi mboni, mumabweza?"

Pobwerera basi inadzaza mpaka pakhomo, koma mpando woyandikana ndi mkuluyo unafika ku Chipata uli wopanda munthu.

Wa ku London

M'nyumba ya zakale ija anafikanso pa chigaza cha munthu wamakedzana chimene chinafukulidwa mumgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, mu 1921. Anauzidwa kuti chimene akuonacho n'chongoumba, chenichenicho anapita nacho ku London ndipo boma lakhala likupempha kuti chibwerere.

Mayi wina anawerenga zaka ndi zala, zala zinatha.

"Zaka zonsezi ali ku London? Watumizako kangachepe?"

"Ayi amayi, ndi chigaza chabe."

"Ngakhale kalata?"

"Ayi."

"Basi musavutike n'kumuyeza, ameneyo ndi wathu ndithu. Wanga wa ku Kitwe amachitanso chimodzimodzi."

Mlendo wa m'thumba

Panja, pafupi ndi nyumbayo, paima Freedom Statue, chipilala cha munthu wodula maunyolo chimene chinaimikidwa mu 1974, Zambia itakwanitsa zaka 10 ikudzilamulira. Chithunzi chake chakhala pa ndalama zapepala za kwacha kwa zaka zambiri. Mnyamata wina wokonza njinga anavula chipewa n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Ukuwadziwa bambowa?" anafunsa anzake.

"Kwambiri. Amabwera m'thumba mwanga mwezi uliwonse, koma sanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Lero ndadziwa chifukwa chake. Munthu wodula unyolo, thumba langa lobookali lingamugwire?"

Nkhokwe

Ku Chilenje anakaona nyumba nambala 394, mmene Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962 akutsogolera chipani cha UNIP. Ndi kanyumba kakang'ono, ndipo panja pali Land Rover yakale imene ankayendera pomenyera ufulu. Mayi wina anazungulira kanyumbako, nagwira mwamuna wake pamkono.

"Bambo a ana, mwaona? Mnzanu analanda dziko lonse m'manja mwa atsamunda akukhala m'kanyumba aka. Inu nkhokwe imodzi yokha yakukanikani chilimwe chonse."

Bamboyo anayang'ana nyumba, nayang'ana galimoto, napumira m'mwamba.

"Mayi a ana, muziona zonse. Iye anali ndi Land Rover."

Ana amasiye

Tsiku lomaliza mphwa uja anati akawasangalatse ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015. Pachipata anauzidwa kuti alipire. Mlimi wina, amene njovu zinamudyera chimanga chonse usiku umodzi ngakhale anagona kumunda akuimba zitini ndi kufukiza tsabola, anafunsa kawiri ngati wamva bwino.

"Tilipire kuti tione nyama? Kwathu zimabwera zokha, ndipo zolipira zake zimatenga zokha."

M'katimo anapeza ana a njovu amasiye akumwetsedwa mkaka wa m'botolo, aliyense ndi womulera wake. Mlimiyo anaonerera mpaka botolo linatha.

"Achimwene, amenewa akakula mudzapita nawo kuti?"

"Timakawasiya kutchire ku Kafue, atate."

"Osati ku Luangwa?"

"Ayi, ku Kafue."

Mlimiyo anapisa m'thumba, natulutsa K20, namufumbatitsa.

"Kagule cholembera, mwanangu. Ulembe pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu, kuti ngakhale wobwera pambuyo pako asadzasokoneze."