Nkhokwe Yasamukira Kuchipinda

Mukatsika minibasi pa Ulongwe, pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, n'kulowera m'midzi ya kwa Kalembo, mupeza nkhokwe zambiri zili pululu. Musafulumire kumva chisoni. Chimanga chilipo, kungoti chinasamukira kuchipinda, kumutu kwa mphasa ya mwini wake, poti akuba anaphunzira kuboola nkhokwe usiku. Ndiye chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense kuno ndi katswiri wa zachuma. Onse akuti sunga thumba, usasunge ndalama. Chomwe sakunena n'chakuti thumba lili ndi abale.

*

Mkulu wina anaunjika matumba khumi ndi awiri kuchipinda, n'kuphimba ndi zitenje. Mu Januwale alamu ake anatulukira, thumba lopanda kanthu lili kukhwapa. Anapatsana moni, anafunsana za ana, za mvula, za mbuzi yomwe inafa chaka chatha. Kenako alamu anakhosomola.

"Alamu, kwathu moto tikungosonkhera kuwotha."

"Iii alamu, mwachedwa. Kuno nako tikugonera mango. M'nyumba muno mulibe ngakhale njere imodzi."

Akulankhula choncho, nankafumbwe wonenepa bwino anatuluka m'kolala ya malaya awo, n'kuyamba kuyenda pakhosi mosatekeseka. Alamu anamuyang'ana mpaka anafika kukhutu.

"Nanga uyu akudya chiyani, alamu?"

"Ameneyu? Nayenso wabwera kudzapempha. Ndamuuza zomwezo."

*

Alangizi a zaulimi anabweretsa matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Nzeru yake n'njapafupi: ukamanga bwino, mpweya sulowa, ndipo anankafumbwe ndi akapuchi amafa okha popanda kuthira mankhwala. Lamulo ndi limodzi basi, osamatsegulatsegula.

Bambo wina anagula awiri. Patatha miyezi inayi anapita kwa alangizi nkhope ili gwaa, akuti matumbawo ndi achinyengo, chimanga chonse chasanduka ufa.

"Munamanga bwinobwino, bambo?"

"Kwambiri. Ndipo Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti ndimamasula kuti ndione ngati afa."

*

Pali mayi wina wochenjera amene atagulitsa nandolo anagula mpunga, mafuta ophikira, mchere, soya pisi ndi shuga, n'kutsekera m'bokosi lachitsulo. Kiyi anamangirira pa mkanda wa m'chiuno. Analengeza kuti bokosilo lidzatsegulidwa pa nthawi ya ngozi yokha. Amuna awo anayesa njira zonse. Mutu unawawa, mayi anati si ngozi. Kunabwera alendo a ku Balaka, mayi anati alendo amadya nsima. Njinga inaphulika tayala, mayi sanayankhe n'komwe.

Mu Malichi 2024, El Niño atawotcha minda, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Bambo aja anathamanga kuchokera pamsika wailesi ili m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Mayi a ana, mwamva? Balaka ilimo! Machinga ilimo! Tsegulani bokosi, boma lavomereza!"

Mayi anapitiriza kusenda maungu.

"Amene walengezayo abwere ndi kiyi wake."

*

Za shuga ndiye musanene. Chaka chomwecho atasowa m'magolosale, anthu n'kumaima pamizere ngati akukavota, mphunzitsi wina anapeza mapaketi makumi awiri, n'kuwabisa kudenga, pansi penipeni pa malata. Anaiwala kuti denga lakelo limadontha. Mvula itagwa usiku, m'mawa anapeza ana ake atatu atandanda kukhoma, malilime ali panja. Wamng'ono anatembenuka.

"Ababa, nyumba yathu ikukoma."

Nyerere za mudzi wonse zinagwirizana naye.

*

Mavenda amadziwa kalendala kuposa aliyense. Mu Meyi, anthu atangokolola, amakhala pansi pa mtengo ndi sikelo yawo n'kumagula motchipa kwa amene akufuna ndalama ya fizi kapena ya malata. Mu Febuluwale amabwerera pa mtengo womwewo, koma mtengo winawo utakwera kawiri kapena katatu. Mnyamata wina amene anagulitsa matumba ake onse kuti agule foni anapita kukagula chigoba chimodzi. Atayang'anitsitsa, anaona thumba losokedwa pakona ndi ulusi wofiira, kasokedwe ka amayi ake.

"Achimwene, thumba ili ndi langa."

"Linali lanu."

"Ndiye simungandichotsereko pang'ono? Chimangachi chimandidziwa."

"Chikukudziwani, n'chifukwa chake sichikufuna kubwerera."

Anajambula thumbalo pa foni ija n'kumapita.

*

Tisawaseke kwambiri anthu wamba. Boma nalo linakhalapo ndi nkhokwe yake n'kuigulitsa. Chimanga chomwe bungwe la NFRA linkasunga chinagulitsidwa pafupifupi chonse njala ya 2002 isanafike, ndipo itafika anthu anadya madeya, mizu ndi njere za udzu. Agogo ena a kufupi ndi nyanja ya Malombe, amene njala ya 1949 anaiona ali kamtsikana, nkhani imeneyi amaikamba mwaukali mpaka lero. Iwo sadalira munthu. Chaka chilichonse amafutsa nkhwani ndi chitambe, amayanika makaka, amamanga zikwatu, ndipo usipa wouma amaubisa pomwe mphaka sangafike. Adzukulu akafunsa komwe kuli zinthuzi amangoti, "Mudzadziwa njala ikadzabwera."

Njala inabweradi. Adzukulu anasonkhana.

"Anganga, nthawi ija yakwana. Zili kuti?"

Agogo anakhala chete, anayang'ana kudenga, anayang'ana kumphika, anakanda m'mutu.

"Ndinabisa kuti akuba asapeze. Ndiye mukuganiza kuti ine ndingapeze bwanji?"

Chikwatu chimodzi chinapezeka chaka chotsatira, m'kati mwa mtondo wakale, nkhuku itaikirapo mazira.

*

Koma amene anandimvetsa chisoni ndi mkamwini wina wolimbikira ntchito. Analima thonje, anagula matumba makumi awiri a chimanga, anathira mankhwala a Actellic, anaika pa mathabwa kuti chinyezi chisalowe, zonse monga mwa malangizo. Anakonzekera chilala, anakonzekera kusefukira kwa Shire, anakonzekera ngakhale njovu za ku Liwonde zikathyola mpanda. Mu Disembala anakangana ndi akazi ake, ndipo ankhoswe atalephera kuwayanjanitsa, anauzidwa kuti anyamule zake azipita kwawo. Anayamba kukokera thumba loyamba pakhomo. Apongozi anaimirira pakhonde.

"Limenelo mukupita nalo kuti?"

"Ndi chimanga changa, amayi."

"Munalima pa munda wa yani?"

Anafika pa siteji ya Ulongwe ali ndi bulangete, khasu, ndi botolo la Actellic lotsala theka.